Makamera otchipa a CCTV ali ngati loko wamkulu pa chitseko cha mapesi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kamalo mu nyuzi yanu ndiyankhuleko za makamera a CCTV omwe angoti mbwee kuno ku Kasungu masiku ano. Ine ndine mmisiri, ndimaika ma solar, ma dish komanso makamera amenewa, ndinayambira kukonza mawailesi ndi mafoni pa kabenchi kuseri kwa msika, nde zomwe ndikulemba panozi sikuti ndazitola pa bawo ayi, ndazigwira ndi manja angawa ndipo zina mwa izo zikundiyalutsa ine mwini wake.

Pano aliyense amene fodya wake wayenda bwino ku Chinkhoma, kapena ali ndi shopu ya feteleza ndi mbewu ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya, olo chigayo chabe ku Mtunthama uko, akufuna kamera yoti azionera pa foni ali kutali. Sindikudandaula, ndimadyera momwemo. Mbava zachuluka, alonda ena amagona ena amachita kugwirizana ndi mbavazo, nde munthu akaona golosale yake pa foni ali ku maliro ku Dowa mtima umakhala m'malo. Koma pa zaka zonse ndakhala ndikukwera makwererowa mafunso ndi awiri basi. Loyamba, "amisiri, imaona bwino usiku?" Lachiwiri, "nanga mundichotsera zingati?" Palibe olo mmodzi amene anandifunsapo kuti kodi zomwe ndikuona pa foni pangazi, palibe winanso akuziona?

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Dzinja lathali madala ena a shopu ya zaulimi anabwera ndi kamera yawo yomwe inasiya kuonetsa chithunzi magetsi atabwera mwamphamvu usiku. Ndi zija zoyera zokhala ndi tinyanga tiwiri, zozungulitsa mutu, pa bokosi palibe dzina la kampani, pangolembedwa HD ndi WiFi basi. Anati amisiri tengani muzichotsamo ma spare, ndagula kale ina. Tsiku lina kunalibe ntchito nde ndinaimasula, ma screw 4 okha. Mkati muli kabodi kakang'ono ngati bokosi la machesi, diso lake ndi lomwe linapsa koma kabodiko kanali kamoyo. Pambali pake panali timabowo tinayi tondondozana, tija amasiya a ku fakitale kuti aziyesera chipangizo asanachitseke. Ndinalumikiza kachingwe ka USB komwe timagwiritsa ntchito pa ma decoder, zilembo zinayamba kutsika pa laptop ngati mvula, kenako kamera ija inangonditsegulira, osandifunsa kuti ndiwe ndani, osafunsa pasiwedi, ngati nyumba yoti eni ake athawa. Pasanathe theka la ola ndinali nditaona dzina la WiFi ya madala aja ndi pasiwedi yake, zolembedwa poyera ngati mitengo ya pa bolodi la mu shopu, komanso akaunti yomwe amalowera pa app. Pasiwediyo inali dzina la mwana wawo ndi chaka chobadwa, ndipo sindinachite kufunsa kuti ndidziwe kuti ndi yomweyo amaika paliponse.

Thupi linazizira a Mkonzi. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4 nkukaphunzira zamagetsi, si ine katswiri wa makompyuta. Nanga mnyamata amene amagonera pa laptop usiku wonse? Nanga wakuba amene wangokwera pa khonde nkuzula kamera yonse kupita nayo kwawo, opanda womuthamangitsa?

Nditawauza madala aja anakwiya pang'ono, amvekere "koma amisiri pasiwedi ndinasintha, ana anandiikira yovuta." Zoona anasintha. Ndipo uthenga womwe timamva pa wailesi ndi pa Facebook ndi womwewo, sinthani pasiwedi, musauze munthu. Si uthenga woipa. Koma pasiwedi ndi loko, ndipo loko olo akhale wamkulu bwanji, wodula wa ku hardware, ngati chitseko ndi cha mapesi wakuba sataya nthawi ndi lokoyo, amangopatula mapesi nkulowa. Chitseko cha kamera ndi zamkati zake zija, tima chip, mmene anatipangira. Ngati a ku fakitale sanaikemo chitetezo mmenemo, inu ndi ine kuno ku Kasungu palibe chomwe tingawonjezere, olo titasintha pasiwedi mmawa uliwonse.

Nkhaniyi si yatsopano, azungu inawaluma kale. Mu 2014 kunatuluka tsamba lina la pa intaneti lotchedwa Insecam lomwe linkaonetsa makamera oposa 73,000 a anthu m'maiko osiyanasiyana, m'mashopu, m'zipinda, pena mwana ali mtulo, aliyense nkumaonera ngati TV, chifukwa eni ake anasiya pasiwedi ya ku fakitale. Kenako mu 2016 kunabuka kachilombo kotchedwa Mirai, komwe anapanga anyamata atatu achichepere a ku America, omwe anadzavomera mlandu mu December 2017. Kachilomboka kankangoyendayenda pa intaneti kugogoda pa makamera, ma DVR (timabokosi tosungira video za makamera) ndi ma rauta a WiFi, kuyesa mapasiwedi pafupifupi 60 omwe zipangizo zimabwera nawo, admin admin, 12345, zoterozo. Chikatseguka chipangizocho chimasanduka kapolo, chizingodikira kutumidwa. Akapolowa anafika pafupifupi 600,000, ndipo pa 21 October 2016 wina anawatuma kukaunjikana pa kampani ya Dyn, yomwe inkalozera anthu njira yofikira pa masamba ambiri a pa intaneti, mpaka Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anasiya kutseguka kwa maola m'madera ambiri a America. Chomwe anthu amaphonya pa nkhaniyi ndi ichi, makamera ambiri omwe anagwidwa anali ndi zamkati za kampani ya ku China ya Xiongmai, ndipo munali khomo lina lakuseri lokhala ndi pasiwedi yomatiriridwa mu software ya mkati, yomwe mwini kamera sakanatha kuisintha pa ma setting olo atafuna. Munthu amasintha ya kutsogolo nkumagona tulo tabwino, kuseri kuli pululu. Kampaniyo inachita kuitanitsa wina mwa katundu wake ku America kuti abwezedwe. Ife kuno tikagula tagula, risiti olo kulibe.

Wina anena kuti aaa za ku America izo. Chaka chomwecho cha 2016 mkulu wina wa ku Britain, Daniel Kaye, analipidwa ndi munthu wa kampani yopikisana nayo kuti agwetse netiweki ya Lonestar ku Liberia, Africa yathu yomwe ino, anagwiritsa ntchito Mirai yemweyu ndi makamera a anthu osadziwa kanthu, intaneti ya dzikolo inavutika kwambiri. Mu January 2019 khoti la ku London linamupatsa zaka 2 ndi miyezi 8. Kamera yanu itagwidwa chonchi simungadziwe, chithunzi chimaonekabe bho, mwina mungodabwa kuti bandulo ikutha msanga nkumatukwana a netiweki osalakwa. Chosekesa nchoti Mirai ankafa mukangozimitsa chipangizo, nde kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno mwina kukanatithandiza, koma magetsi akangoyaka amabweranso pakapita mphindi zochepa poti khomo ndi lomwe lija.

Nde chitetezo cha mkati mwa chitsulo chomwe ndikunenachi ndi chiyani? Ndifotokoza mmene ndimawafotokozera makasitomala anga, akatswiri andikhululukire.

Kamera yotere ndi kakompyuta, ambiri amayendera Linux mkati. Ikamayaka imawerenga software yake pa kachip kena ka miyendo 8 komwe kali pa bodi. Pa makamera otchipa ubongo wa kamera umangowerenga chilichonse chomwe wapeza pamenepo nkuchimvera, olo wina atamatula kachipko ndi moto nkulembamo zake nkukabwezera, kamera siidziwa kanthu. Kutanthauza kuti munthu atha kukugulitsani kamera yoti anaisintha kale, yatsopano mu bokosi ndi pulasitiki yake, ikumatumiza zithunzi kuwiri, kwa inu ndi kwa iye. Makamera opangidwa bwino ali ndi chomwe amati secure boot. Ganizani za kalata ya amfumu, mukapita nayo ku ofesi amayang'ana chidindo, palibe chidindo bwererani. Kampani yopanga kamera imadinda software yake ndi chidindo cha masamu chomwe kiyi wake ali ndi iwo okha, ndipo mkati mwa ubongo wa kamera, pa fakitale pomwepo, amaotcheramo chozindikirira chidindocho. Ndikati kuotcha ndikunena kuotcha kwenikweni, muli tima fyuzi tosaoneka ndi maso tomwe amatidula ndi magetsi, ndipo mukudziwa kuti fyuzi ikapsa yapsa, apa palibe zomangirira kawaya ngati timachitira kunyumba zija. Nde nthawi iliyonse kamera ikuyaka, gawo loyamba lomwe silisinthika limayang'ana chidindo cha gawo lachiwiri, lachiwiri limayang'ana cha lachitatu, mpaka zonse zitadzuka. Wina akasintha olo kachilembo kamodzi masamu sagwirizana, kamera imakana kudzuka. Chidindo cha amfumu anyamata a m'tauni amatha kuchisema pa labala, wa pa geti amatha kulandira ya fanta, koma kachip sikamwa fanta.

Kenako pali nkhani ya komwe zinsinsi zimasungidwa, ndipo apa chitsanzo chili m'thumba mwanu momwemo. SIM card ya mu foni yanu ili ndi kiyi wachinsinsi mkati yemwe satuluka, olo foni yanuyo siimuona. Netiweki ikafuna kutsimikiza kuti ndinudi imatumiza funso la masamu, SIM imawerengera mkati mwake nkutulutsa yankho lokha, kiyi amatsala. Nchifukwa chake akuba aja a "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" savutika nkung'amba SIM, amangokunamizani inuyo, poti munthu ndi wofewa kuposa kachip. Khadi ya ku banki ili ndi kachip kotero, chiphaso cha unzika chomwe tinajambulitsa mu 2017 chilinso nako. Pa ma laptop amati TPM, ndipo Microsoft potulutsa Windows 11 mu 2021 inaika lamulo loti kompyuta ikhale ndi TPM 2.0. Pa makamera amati secure element, ena amaika TPM yomweyo. Kamera ya madala aja ikanakhala yopangidwa motere, ine ndi kachingwe kanga ndikanangoona zilembo zosamveka, poti pasiwedi ya WiFi ikanakhala yobisidwa ndi kiyi yemwe ali m'kachip kosafuna kutsegulidwa, komanso timabowo tinayi tija a ku fakitale akanatitseka asanagulitse.

Kachip komweko kamapatsa kamera iliyonse chiphaso chakechake. Zikuoneka zazing'ono koma tamverani. Makamera ambiri omwe tikuikawa, kuti muwaone pa foni mumangojambula ka QR kapena kulemba nambala yomwe ili pa stika pansi pa kamera, basi mwalowa. Nambala imeneyo ndi dzina chabe, si umboni. Mu 2021 akatswiri a kampani ya Mandiant anapeza kuti pa netiweki ina yolumikiza makamera ndi mafoni yotchedwa Kalay, yomwe eni ake ankati pali zipangizo 83 miliyoni, munthu wodziwa nambala ya kamera yanu ankatha kulembetsa chipangizo chake pa nambala yomweyo, nde inu mukatsegula app foni yanu imapereka dzina ndi pasiwedi kwa iye poganiza kuti ndi kamera yanu ija. Zili ngati munthu kukalandira feteleza wa makuponi m'dzina lanu pongotchula dzinalo, opanda womufunsa chiphaso. Kamera yokhala ndi kiyi wakewake mkati imatha kutsimikiza kuti ndi iyodi, ngati mmene SIM imachitira, wonamizira amagwa pa funso la masamu lija. Tsono ganizani mmene timatumizirana zithunzi za ma stika amenewa pa WhatsApp, "amisiri app yafufutika, nayi nambala," chithunzi chimakhala mu foni mpaka foniyo kudzagulitsidwa pa msika.

Anzanga ena amisiri amati ife kuno ndife otetezeka poti makamera athu ali kuseri kwa MiFi ya SIM, munthu wa kunja sangagogode mwachindunji. Pali choonadi pang'ono. Koma mesa kamerayo ndi yomwe imatuluka yokha kukalumikizana ndi seva ya kunja kuti inu muione pa foni? Njira yomwe mumadutsa inuyo ilipo, ndipo pa makamera ambiri chomwe chikuilondera ndi nambala ija ya pa stika ndi pasiwedi ya dzina la mwana.

Palinso za umboni, zomwe kwa wamalonda ndiye zenizeni. Mwagula kamera kuti tsiku lomwe matumba a feteleza asowa mukaonetse kupolisi ndi kukhoti eti. Makamera otchipawa ambiri alibe kabatire kosunga nthawi, magetsi akathima nkuyakanso bandulo itatha, wotchi imabwerera ku 1 January 1970. Ndinaonapo ndi maso anga video yoonetsa bwinobwino munthu akusenza thumba koma deti yake ikuti 1970, nthawi ya Kamuzu, kwacha isanayambe nkomwe tikugwiritsabe ntchito mapaundi, wakubayo olo mayi ake asanabadwe. Loya wochenjera angoseka. Ndipo masiku ano a AI aliyense atha kunena kuti video imeneyo mwaipanga pa kompyuta chifukwa cha nsanje. Makamera ena okhala ndi kachip kaja amatha kudinda video pamene ikujambulidwa, nde wina akadulamo masekondi 10 kapena kusintha nkhope chidindo chimasweka ndipo zimaoneka. Memory card nayo imatha kubisidwa kuti woizula asaonemo kanthu, ngakhale kunena zoona akazula card kapena kunyamula DVR yonse umboni wapitabe, nde DVR musamaiike pansi pa kauntala pomwe wantchito aliyense akuiona, ikani kudenga kapena mu kabokosi kachitsulo.

Ndisanamize anthu kuti kachip ndi mankhwala a matenda onse. Mu March 2021 kampani ya ku America ya Verkada, yogulitsa makamera odula osati a m'chikwama ayi, inalowedwa ndipo anthu anatha kuona makamera pafupifupi 150,000, a m'zipatala, m'ndende, m'sukulu mpaka a kampani ya Tesla. Sanathyole chitsulo chilichonse, anangopeza dzina ndi pasiwedi ya akaunti yaikulu zitasiyidwa poyera pa intaneti. Chitseko chachitsulo, kiyi pansi pa mwala wa pakhomo.

Apa ndi pomwe ndinati zikundiyalutsa. Zitachitika za madala zija ndinatsegula foni yanga nkuwerenga, ndinapeza makamera a makasitomala 11 akadali pa akaunti yanga. Ndinawaika pamenepo tsiku loika kuti ndiyese ngati akugwira, sindinawachotse, eni ake sanandifunse, nthawi nkumapita. Mashopu, chigayo, lodge imodzi, nyumba ziwiri, ina kamera ili pabalaza pomwe ana amasewera, mayi a pakhomo nkumadutsa atangomanga chitenje pa chifuwa pochokera kubafa. Sindinkawaonera, Mulungu ndi mboni, koma foni yangayo ikanabedwa pa depoti bwanji? Ndinawayendera onse mmodzimmodzi kuwasamutsira ku ma akaunti awo ndi mafuta anga, ena mpaka anadabwa kuti ndikuvutikiranji, wina amaganiza kuti ndabwera kudzafuna ndalama ina. Amisiri anzanga, tsegulani mafoni anu muwerenge, mundiuze ngati ndili ndekha. Ndipo inu eni ake, mphwanu amene anakuikirani app uja, wantchito amene munasiyana naye mokangana uja, kodi munawatulutsa?

Vuto lina la secure boot ndi loti kiyi wodindira ali ndi kampani yokha. Bowo likapezeka mu software, ndipo mabowo amapezeka olo m'makampani akuluakulu a makamera, Hikvision yomwe mu September 2021 inatulutsa update yotseka bowo lalikulu lomwe linkalola munthu kulanda kamera osadziwa pasiwedi, kampani ikakhala yamoyo imadinda update inu nkuika, nkhani yatha. Koma kampani ya bokosi lopanda dzina mukaipeza kuti? Chaka chino app ili ndi dzina ili, chaka chamawa yasowa pa Play Store. Kamera yotero olo itakhala ndi chidindo ndi yamasiye, ndipo ine mmisiri sindingaithandize poti ikukana software yopanda chidindo cha makolo ake omwe anasowa.

Maiko ena atatopa nazo anapanga malamulo. Ku Britain kuyambira pa 29 April 2024 nkosaloledwa kugulitsa zipangizo za pa intaneti zokhala ndi pasiwedi imodzi ya onse monga admin, ndipo wopanga ayenera kunena poyera kuti azitulutsa ma update kwa nthawi yaitali bwanji, komanso komwe munthu angakanene akapeza bowo. Mukuganiza kuti katundu wokanidwa kumeneko amakamutaya m'nyanja? Ine ndikuona kuti amatsata komwe kulibe ofunsa, nkulowa m'zikwama za pa basi zochokera ku Johannesburg, ku Dar es Salaam, ku Lusaka, kufika pa shelufu kuno akuwala.

Ife poyambira tili napo. Pali Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, pali Data Protection Act ya 2024 yomwe akuiyang'anira ndi a MACRA, ndipo nkhope ya munthu pa video ndi data ya munthuyo, kaya ndi kasitomala wa mu lodge kaya ndi mtsikana wantchito wa pakhomo panu. A MACRA omwewo amavomereza kale zipangizo zolumikizirana, zija amati type approval. Pempho langa ndi loti pa makamera awonjezerepo mafunso a chitetezo, kodi ili ndi secure boot, kodi iliyonse ili ndi kiyi wakewake, ma update mpaka liti, ndipo yomwe yakhoza ikhale ndi ka stika koti munthu wa ku Chulu atha kukaona pa bokosi, ngati mmene timayang'anira chizindikiro cha MBS pa botolo la mafuta ophikira. Poti vuto lenileni ndi loti chitetezo chimenechi sichioneka ndi maso. Makamera awiri pa shelufu, onse oyera, onse alembedwa HD, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, munthu asankha wotchipa ndipo ine sindingamunene, ndalama yake anaikhetsera thukuta m'munda.

Kwa a makhonsolo, zipatala, sukulu ndi ma SACCO amene mukugula makamera ndi ndalama za anthu, inu nde mulibe chowiringula. Tonse tikukumbuka February 2024 pamene a Chakwera, ali pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi anthu ofuna dipo, anthu nkukhala masabata osalandira mapasipoti. Sindikunena kuti analowera pa kamera ayi. Ndikunena kuti kamera yofooka yomwe mwailumikiza pa netiweki imodzi ndi makompyuta a ofesi ndi zenera losatseka, nde polemba tender musamangolemba ma megapixel ndi kutalika kwa chingwe. A TEVETA nawonso, achinyamata amene akuphunzira zamagetsi aziphunzirako zimenezi, poti ambiri a ife tinangodziphunzitsa pa YouTube kuboola khoma ndi kulumikiza app, basi tayamba kutchedwa a injiniya.

Kwa amene munagula kale sindikuti mukazule. Pasiwedi sinthani ndithu, ndipo isafanane ndi ya ku banki kapena ya Facebook. Ngati rauta yanu imalola, kamera ikhale pa WiFi ya alendo payokha, osati limodzi ndi laptop yomwe mumasungira maakaunti a bizinesi. Ka stika ka QR kamatuleni mukasunge m'nyumba. Kuchipinda musaike kamera, olo mutawakayikira bwanji akunyumbako, nkhani imeneyo ndi ya ankhoswe si ya amisiri. Ngati simufunikira kwenikweni kuonera pa foni, DVR yosalumikiza ku intaneti imavuta kuilowa kuposa zonsezi, munthu ayenera kubwera ndi miyendo yake. Ndipo kamera ikafa musaitaye pa dzala kapena kumupatsa mmisiri ngati ine musanasinthe pasiwedi ya WiFi. Pogula yatsopano yang'anani dzina la kampani, muone ngati ili ndi tsamba pomwe amaika ma update, mumufunse wogulitsayo za secure boot, akayamba kukanda mutu nkumati zonse ndi original bwana mudziwe kuti nayenso sakudziwa chomwe akugulitsa. Abwinowo ndi odula, sindibisa, pena ndi bwino kugula 2 okha, wina pa khomo wina pa kauntala, kusiyana ndi 6 ozungulira nyumba yonse.

Kamera ya madala ija ndinaisunga, ili pa benchi langa yotsegula mimba, pasiwedi zawo tinasintha kale, ndimaonetsa aliyense wobwera kudzafunsa mitengo. Sabata yatha kunabwera mayi wina wa resitilanti, ndinalumikiza kachingwe kaja, ndinawaonetsa zilembo zikutsika, ndinafotokoza za chidindo cha amfumu, za SIM card, za Liberia mpaka kukhosi kunauma, iwo akumvetsera bwinobwino nkumagwedeza mutu. Nditamaliza anatenga bokosi la yotchipa ija nkulitembenuza uku ndi uku, amvekere, "zamveka amisiri, koma iyiyi imaona bwino usiku eti?"

Ine wanu,
Mmisiri wa makamera,
Kasungu boma